Asanatsegule nyumba ya makompyuta, amayamba athimitsa magetsi dala

Mlimi wa ku Tsangano wagulitsa matumba ake a mbatata ya kachewere, wogula wamutumizira ndalama pa foni, ndipo iye wakwera njinga mpaka ku Ulónguè kuti akatape zogulira feteleza. Mnyamata wa pa banca adina foni kawiri, katatu, kenaka atukula mutu. "Não há sistema, bambo. Mubwerenso mawa." Pakati pa awerengi athu palibe amene sanamvepo mau amenewa, kaya ndi pa agente, ku banki, kapena pa ofesi yotengera BI.

Ndalama za mlimiyu sizili m'foni mwake, komanso sizili m'chikwama cha mnyamata uja. Ndi manambala olembedwa m'makompyuta amene ali kutali, m'nyumba yopanda mazenera imene pa Chipwitikizi amaitcha centro de dados. Ife tingoitcha nkhokwe ya makompyuta, poti ntchito yake ndi kusunga. Ndalama za M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, mabuku a mabanki, maina a anthu amene ali m'kaundula wa boma, zonsezi zimagona m'nyumba za mtundu umenewu.

Tisanamizire nkhokwezi chilichonse. Nthawi zambiri sistema imasowa chifukwa antena ya pa phiri yathera mafuta, kapena nthambo yaduka pena pake. M'mwezi wa Maio 2024 nthambo ziwiri za pansi pa nyanja, SEACOM ndi EASSy, zidaduka cha kum'mwera kuno ndipo intaneti idavuta mu Moçambique, Malawi, Tanzania ndi maiko ena. Mu Novembro 2018 makadi a banki ndi makina otapira ndalama a SIMO adaima masiku angapo chifukwa cha mkangano wa malipiro a pulogalamu. Koma antena ikazima amavutika ndi anthu a dera limodzi. Nkhokwe ikazima, wa ku Zóbuè ndi wa ku Pemba amalira limodzi.

M'chaka cha 2024, mwezi wa Maio, kampani ya Raxio idatsegula nkhokwe yotere ku Beluluane, m'distrito ya Boane kufupi ndi Maputo, pa malo a mafakitale amene adamangidwa moyandikana ndi Mozal. Idakonzedwa kuti ifike pa makabati achitsulo 400 oikamo makompyuta ndi magetsi okwana megawati 3. Makampani ndi mabungwe amachita lendi malo m'menemo monga momwe wamalonda amachitira lendi chipinda pa msika. Boma nalo lili ndi nkhokwe yake ku Maluana, m'distrito ya Manhiça. Za miyambo yotsegulira nyumba zotere timaziona pa zithunzi. Chimene sitimaona ndi ntchito ya masabata ambiri imene imachitika riboni isanadulidwe, imene amisiri amaitcha comissionamento.

Pampu ya mjigo isanaperekedwe

Amene adaonapo akukumba mjigo akudziwa kuti amisiri abwino sachoka tsiku limene madzi atuluka. Amaika pampu n'kupopa maola ambiri osalekeza, akuyeza ngati madzi akutsika ndi kuwerenga nthawi imene amatenga kuti abwerere. Mjigo umene sunayesedwe chonchi ndi uja umasangalatsa mudzi mu Abril n'kuuma mu Outubro. Comissionamento ndi zomwezo: kuchititsa makina onse ntchito yolemetsa, kuwapangira ngozi zabodza, mwini nyumba asanalandire makiyi.

Ntchitoyi imayenda m'magawo asanu. Loyamba limachitikira ku fakitale, kunja kwa dziko, kumene injiniya wa mwini nyumba amapita kukaona ndi maso ake jenereta kapena makina oziziritsa akuliza asanakwezedwe m'sitima. Lachiwiri ndi pa tsiku lofika katundu, kuona ngati ndi yemweyo ndipo sanaphwanyike pa doko kapena pa msewu. Lachitatu ndi kuliza chipangizo chilichonse koyamba. Lachinayi ndi kuyesa gulu lililonse palokha, la magetsi, la kuziziritsa, la moto. M'makampani ambiri chipangizo chikapambana gawo amachimata kapepala ka mtundu wake, kofiira, kachikasu, kobiriwira, kabuluu, kenaka koyera, kotero kuti munthu wolowa m'chipinda amadziwa ndi maso pomwe ntchito yafika. Gawo lachisanu, limene limasowetsa tulo mainjiniya, tilifika kutsogoloku.

Pali lamulo limodzi limene eni nyumba ochenjera salinyalanyaza: woyesa asakhale yemwe adamanga. Amalemba kampani ina yapadera. Mmisiri sangaone msanga cholakwa cha manja ake, ndipo akachiona amachita nacho manyazi.

Magetsi asaphethire

Ife a ku Tete timadziwa kumene magetsi amachokera. Ku Songo, makina asanu a Cahora Bassa, lililonse la megawati 415, amakwanitsa megawati 2075 onse pamodzi. Ambiri mwa magetsiwa amayenda pa nthambo ya makilomita pafupifupi 1400 mpaka ku siteshoni ya Apollo ku South Africa, ndipo gawo lina limabwereranso kum'mwera kwa dziko lathu kudzera pa nthambo za kumeneko. Poyerekeza ndi 2075, megawati 3 ndi kadontho chabe. Choncho vuto la nkhokwe ya makompyuta si kuchepa kwa magetsi ayi. Vuto ndi kuphethira kwake.

Babu la m'nyumba likaphethira timangoti "aa, EDM" n'kupitiriza kudya. Kompyuta siitero. Magetsi akasowa kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi, imazima, ndipo imazima ili pakati polemba. Mwina inali itachotsa kale ndalama kwa wogula mbatata koma isanazilembe kwa mlimi. Kuidzutsa ndi kuyanjanitsanso mabuku ake kungatenge maola.

Nchifukwa chake nyumbazi zili ndi chitetezo cha mitundu iwiri. Choyamba ndi makina otchedwa UPS, amene ali ndi zipinda zodzaza mabatire. Magetsi a EDM akangochoka, mabatire amanyamula katundu yense nthawi yomweyo, popanda mpata, koma mphamvu yake ndi ya mphindi zochepa chabe. Chachiwiri ndi majenereta a gasóleo, aakulu ngati kontena ya pa lole, amene amadziliza okha ndipo amafuna masekondi 10 kapena kuposerapo kuti akhazikike. Mabatire ndi mlatho wongowolokera pa masekondi amenewo.

Bungwe la ku America lotchedwa Uptime Institute limaika nkhokwezi m'magulu anayi. Ya ku Beluluane idalengezedwa kuti ndi ya gulu lachitatu, Tier III. Tanthauzo lake ndi lakuti chipangizo chilichonse chingathe kuzimitsidwa kuti chikonzedwe makompyuta ali chiyakire. Ngati ngolo ifuna ng'ombe ziwiri, pakhale yachitatu m'khola. Ngati nyumba ifuna majenereta awiri, agule atatu, ndipo nthambo zofika pa kabati iliyonse zikhale za njira ziwiri zosiyana. Bungweli limafunanso kuti pa malopo pakhale mafuta okwanira maola 12 osachepera. Si mafuta ochepa: jenereta ya megawati imodzi ikamagwira ntchito yodzaza imamwa malita oposa 200 pa ola.

Nanga zonsezi angaziyese bwanji nyumba ili yopanda kompyuta ngakhale imodzi? Apa mpamene pali nzeru imene idandikondweretsa. Amabwereka mazana a timakina totenthetsa, totchedwa bancos de carga, n'kutiika m'makabati momwe mudzakhale makompyuta. Timakinati tilibe ntchito ina koma kudya magetsi ndi kutulutsa kutentha, monga simbi yositira. Akatiyatsa tonse, mawaya, ma UPS ndi majenereta amamva kulemera kwenikweni, koma chinthu chikalakwika palibe ndalama za munthu zimene zatayika. Jenereta imasiyidwa ikulira ndi katundu wodzaza kwa maola ambiri. Jenereta yongoliza mphindi zisanu popanda katundu siinayesedwe konse, ndipo injini ya gasóleo ikamalira yopepuka nthawi zonse imadzaza mwaye n'kufooka.

Pamene makina akulira, mmisiri amayenda ndi kamera yoona kutentha, akuiloza pa malo onse olumikizira mawaya. Bawuti imene sinamangidwe bwino siioneka ndi maso, koma magetsi ambiri akadutsapo imatentha, ndipo pa kamerayo imawala ngati khala. Moto wambiri wa magetsi umayambira pa kanthu kotere. Akaimanga bwino amaipaka kamzere ka penti, kuti ikadzamasuka mzerewo udzaulule. Mabatire nawo amawakhetsa mphamvu dala, wotchi ili m'manja, kuti aone ngati mphindi zolembedwa pa pepala la wogulitsa ndi zoona. Batire limodzi lofooka pa mzere limagwetsa anzake onse.

Simbi 3000 m'nyumba imodzi

Magetsi onse olowa m'kompyuta amatuluka ngati kutentha. Megawati 3 ndi chimodzimodzi simbi zamagetsi 3000, iliyonse ya mawati 1000, zoyaka usana ndi usiku m'nyumba yotseka. Amene adakhalapo mu mzinda wa Tete mwezi wa Novembro, kutentha kukupitirira madigiri 40, angaganize yekha. Koma makompyuta amafuna mpweya wa pakati pa madigiri 18 ndi 27, wofanana ndi wa m'mawa ku mapiri a Angónia.

Makabati amaimikidwa m'mizere moyang'anizana. Kanjira kamodzi kamalandira mpweya wozizira, makompyuta amaukoka kutsogolo n'kuulavula kumbuyo uli wotentha m'kanjira kena, ndipo mipweya iwiriyi isasakanikirane. Poyesa, amapachika zoyezera kutentha kutsogolo kwa makabati, pansi, pakati ndi pamwamba. Kenaka amazimitsa makina oziziritsa amodzi amodzi kuti aone ngati otsalawo akuonjezera mphamvu okha, ndiponso ngati palibe ngodya imene mpweya sufikako. Pansi pa makina amayala chingwe chomva madzi, ndipo amachinyowetsa ndi kansalu kuti aone ngati belu lilira.

Msampha uli apa. Magetsi akachoka, makompyuta sazima, poti ali pa mabatire, ndipo amapitiriza kutentha. Koma makina akuluakulu oziziritsa kawirikawiri sali pa mabatire. Amadikira jenereta, ndipo ngakhale jenereta italira, ena amafuna mphindi zingapo kuti ayambirenso. M'mphindi zimenezo chipinda chimatentha mofulumira kwambiri. Wa magetsi anganene kuti mbali yake ili bwino, wa zoziziritsa naye n'kunena chimodzimodzi, onse akunena zoona, koma nyumba n'kupsa pakati pa awiriwo.

Moto wosathira madzi

Usiku wa pa 10 Março 2021, mu mzinda wa Strasbourg ku França, moto udabuka pa nkhokwe za kampani ya OVH. Nyumba imodzi idapseratu, ina idapsa mbali. Palibe adafa, koma masamba a pa intaneti mamiliyoni adazima, ndipo makasitomala ena adataya zonse chifukwa makope awo achiwiri adali pa malo omwewo. Ofufuza a boma la França adapeza kuti moto udayambira m'zipinda za ma UPS ndi mabatire, kuti nyumbayo idalibe makina ozimitsa moto okha, ndiponso kuti ozimitsa moto adataya nthawi yaitali asanathe kudula magetsi.

Chitetezo cha moto chimayamba ndi mphuno. Kudenga kumayenda timapaipi ta mabowo timene timakoka mpweya nthawi zonse n'kuupititsa pa makina onunkhiza, amene amamva utsi munthu asanauone. Poyesa, amatentha kawaya kakang'ono kapena kufukiza utsi ku mapeto a paipi n'kuwerenga masekondi. Ngati zomvera ziwiri zosiyana zavomerezana kuti kuli moto, sireni imalira, zitseko zimamasuka kuti anthu atuluke, mazenera a m'mapaipi a mpweya amatseka, ndipo pakapita masekondi owerengeka mabotolo a gasi amatseguka. M'nyumba zambiri gasiyo ndi nayitrojeni kapena aligoni, amene amatsitsa okosijeni kuchoka pa magawo 21 mwa 100 kufika cha pa 13. Pamenepo moto umazima, makompyuta osanyowa.

Koma gasi amagwira ntchito m'chipinda chosadontha basi. Amene amaika mankhwala a anankafumbwe mu mgolo wa chimanga akudziwa kuti chivundikiro chikakhala ndi kabowo, mankhwala atayika. Chipinda cha makompyuta chiyenera kusunga gasi mphindi 10 osachepera. Poyesa sawononga gasi, amene ndi wodula. Amatseka khomo ndi nsalu yolimba yokhala ndi fani yaikulu, n'kupopera mpweya mkati, kenaka kunja, akuyeza kuchuluka kwa umene ukuthawa. Kawirikawiri mpweya umathawira pa mabowo amene amisiri a mawaya adaboola m'khoma n'kuiwala kumata.

Chifukwa chake mayeso otere amachitika nyumba isanalandire makompyuta chidaoneka ku Bucharest, m'dziko la Roménia, mu Setembro 2016. Banki ya ING idayesa gasi wake wozimitsira moto m'nkhokwe imene inkagwira kale ntchito. Gasiyo adatuluka ndi phokoso lalikulu kwambiri moti timbale tosungira zinthu m'makompyuta tidanjenjemera n'kuonongeka. Makadi ndi makina otapira ndalama a bankiyo adaima pafupifupi maola 10. Moto kudalibe.

Tsiku lothimitsa

Gawo lachisanu ndi kuyesa zonse pamodzi. Timakina totenthetsa tonse tayatsidwa, nyumba ikudya magetsi monga idzachitire ikadzaza. Munthu aliyense waima pa malo ake ndi wailesi ya m'manja ndi pepala lonena zoyenera kuchitika, sekondi ndi sekondi: wina ku majenereta, wina ku mabatire, wina m'kanjira kozizira, wina pa matanki a mafuta. Mkulu wa mayeso akafunsa onse n'kumva kuti akonzeka, amalamula kuti disjuntor yaikulu, yolowetsa magetsi a EDM, itsegulidwe. Nyumba yadulidwa ku dziko lonse.

Zikayenda bwino, pa makabati sipaoneka kusintha kulikonse. Kunja majenereta amabangula, amagwirizanitsa liwiro lawo, n'kulandira katundu kwa mabatire. Mapampu ndi mafani amadzuka motsatizana, osati onse pamodzi, kuopa kugwetsa jenereta ndi kulemera kwadzidzidzi. Maso onse amakhala pa zoyezera kutentha.

Akapambana apa sapita kukadya. Amayamba kuchitira nyumbayo nkhanza. Amatsekera dala jenereta imodzi kuti ikane kulira. Amazimitsa UPS imodzi pamene nyumba ili kale pa majenereta. Amaliza belu la moto nthawi yomweyo kuti aone ngati likutseka zoyenera kutseka zokha, chifukwa zimachitika kuti waya wa belu walumikizidwa molakwa n'kuzimitsa mpweya wa chipinda chimene mulibe moto. Amabwezera magetsi a EDM n'kuwadulanso pakangopita masekondi ochepa, monga amachitira magetsi athu nthawi ya mvula ya mphenzi. Kubwerera kwa magetsi kumagwetsa makina ambiri kuposa kuchoka kwake, ndipo eni mafiriji ndi zigayo za magetsi akudziwa zimenezi.

Zolakwa zimapezeka, ndipo zambiri ndi zazing'ono zochititsa manyazi: vavu ya mafuta yosiyidwa yotseka, batire lolizira jenereta lopanda mphamvu, mawaya awiri osinthanitsidwa, pampu yokokera gasóleo yolumikizidwa ku magetsi a EDM okha, kotero kuti imafa pa nthawi yomwe ikufunika. Chilichonse chimalembedwa, chimakonzedwa, ndipo mayesowo amabwerezedwa kuyambira pachiyambi.

Chovuta chenicheni, m'kuona kwanga, si cha makina. Mayesowa amabwera kumapeto kwa ntchito yomanga, pamene omanga achedwa kale ndi miyezi, ndalama zatha, ndipo tsiku lobwera akuluakulu kudzadula riboni lalengezedwa. Masabata asanu ndi limodzi a mayeso amafinyidwa kukhala awiri. Wina amati, "zinazo tidzayesa titatsegula." Koma akatsegula, ndani angalole kuti athimitse magetsi dala makompyuta a banki ali mkati? Ifenso kuno tidaonapo zofanana, pa zinthu zazing'ono: jenereta ya pa chipatala cha m'mudzi imene idalira bwino tsiku la mwambo, anthu n'kuomba m'manja, koma usiku woyamba wa mdima idapezeka kuti siifika ku firiji ya katemera. Palibe adafunsa kuti athimitse kaye magetsi, alendo ali pomwepo, tione.

Makiyi akaperekedwa

Pa tsiku lolandira nyumba, mwini amalandiranso mabuku a zotsatira za mayeso onse, zojambula zosonyeza momwe mawaya adayendera zenizeni, ndi antchito amene adaphunzitsidwa pa nthawi ya mayesoyo. Amenewa ndiwo amatsala, akusinthana usana ndi usiku. Majenereta amalizidwa mwezi ndi mwezi. Gasóleo wokhalitsa m'thanki amagwira madzi ndi litsiro pansi, ndiye amamusefa ndi kumuyeza. Mabatire amakalamba ndipo amasinthidwa pakapita zaka.

Ntchito zimenezi si za odziwa kompyuta okha ayi. Zambiri ndi za amisiri a magetsi, a mainjini a gasóleo ndi a mafiriji. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Macanga kapena ku Chifunde amene waphunzira za magetsi, kaya ku Instituto Superior Politécnico de Songo kapena pa sukulu ina ya zaumisiri, ali pa njira yomweyo. Si ntchito zambiri, tisanamizane, poti nyumba yaikulu chonchi imayendetsedwa ndi anthu makumi ochepa chabe.

Ndipo ngozi siithera pa tsiku lotsegulira. Pa 26 Setembro 2025, mu mzinda wa Daejeon ku Coreia do Sul, amisiri ankasamutsa mabatire a lithium m'nkhokwe ya makompyuta a boma, cholinga chake chili chowachotsa pafupi ndi makompyuta kuti moto usadzawafike. Ali mkati mwa ntchitoyo batire lidayaka. Moto wa mabatire a mtundu umenewu umadzikoleza wokha ndipo suzima msanga, moti ozimitsa moto adalimbana nawo mpaka tsiku lotsatira. Ntchito za boma zoposa 600 zidaima, kuphatikizapo za positi ndi za zitupa za pa foni. Makina amodzi amene ankasunga makalata a antchito a boma adapseratu, ndipo amenewo kope lachiwiri adalibe.